Makuponi a Matewera

Biswick anali ndi chizolowezi chimene mkazi wake Eliza sankachidziwa: Loweruka lililonse akaweruka kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito, ankalowa mu supamaketi yaikulu ya ku Tottenham n'kukaima pafupi ndi polipirira, ndipo akaona munthu wopanda khadi la shopuyo ankamupempha kuti adutsitsepo lake, mapointi agwere kwa iye. Mapointiwo shopu inkawasandutsa makuponi ogulira zinthu motchipa n'kuwatumiza pa positi, ndiye Lachitatu lina mu May 2006 Biswick anali chogwada pakhomo, akufunafuna envelopu yake pansi pa kapeti, pamene anatulukira a Reinford, achimwene ake a Eliza, amenenso anali ankhoswe a banjalo.

"Alamu! Lowani, lowani. Pepani mwandipeza chonchi, pali kalata ina yandisowa."

A Reinford sanaseke. Ankagwira ntchito ya ulonda pa maofesi ena ku Croydon, ndipo anabwera ndi yunifomu yomwe, kabuku kolembamo zochitika pa geti kali m'thumba la shati. Anakhala pa sofa, anasolola envelopu yotsegula kale, n'kuisanjika pa bondo.

"Ndi iyi?"

"Eee! Yomweyo! Mwaitola pati? Wapositi watsopanoyu amangoponya paliponse."

"Musaigwire."

"Ndi yanga, alamu. Taonani dzinalo."

"Ndaliona. N'chifukwa chake ndakwera tramu, sitima ndi basi osadya kanthu." Anatulutsa kabuku kaja ndi bolopeni. "Khalani pansi. Lero sindinabwere ngati mlamu. Ndabwera ngati nkhoswe."

Biswick anakhala, koma maso ali pa envelopu.

"Eliza kulibe, ali pa shifiti."

"Eliza sali pa shifiti. Ali ku Peckham kwa mnzake Winfrida, ndi chikwama chachikulu chija. Ndadzera komweko, envelopuyi wandipatsa ndi iyeyo. Watenga ndi ayironi yomwe."

Biswick anacheukira pakona. Ayironi panalibedi.

"Aaa! Chifukwa?"

"Akuti sabwereranso m'nyumba muno mpaka adziwe kumene kuli mwanayo."

"Mwana wa ndani?"

"Ndi zomwe ndabwerera." A Reinford anavala magalasi, n'kutambasula kalata ya m'envelopumo. "Chingerezi chake n'chosavuta. Akuti, Okondedwa Mr Likongwe. Ndinu?"

"Ndine."

"Takusankhirani makuponi awa potengera zimene mumakonda kugula." Anatsitsa pepalalo. "Zimene. Mumakonda. Kugula."

"Eya, amalemba choncho nthawi zonse."

"Wavomera kuti amalemba choncho nthawi zonse," anatero a Reinford uku akulemba. Kenako anasolola kuponi yoyamba n'kuiika pa tebulo. "Matewera. Saizi folo."

Biswick anaweramira kutsogolo.

"Achotsa zingati?"

"Mapaundi atatu."

"Atatu! Koma ulendo uno ayesetsa."

"Wasangalala," a Reinford analemba.

"Ayi, alamu, musalembe zimenezo!" Biswick anayamba kuseka, mpaka kumenya bondo. "Koma Eliza! Nkhani yake ndi imeneyi basi? Matewerawo sindinagule ine. Anagula ndi azimayi ena."

Bolopeni inaima.

"Azimayi. Osati mzimayi?"

"Ambiri."

"Angati?"

"Kaya, sindiwerenga. Ndimangokumana nawo Loweruka."

"Loweruka lake liti? Lomwe mumamuuza mlongo wanga kuti muli pa ovataimu?"

Kuseka kwa Biswick kunathera panjira. Anakanda kumbuyo kwa khutu.

"Imeneyo ndi nkhani ina."

"Ndi yomweyi. Yankhani eya kapena ayi. Loweruka mumakhala pa ovataimu?"

"Tingati ndi ovataimu ya mtundu wina."

"Eya kapena ayi?"

"Ayi. Koma tamverani kaye, ndifotokoze bwinobwino." Biswick anatulutsa khadi la shopu m'kachikwama ka ndalama, n'kulikweza m'mwamba. "Khadi ili, munthu ukagula zinthu n'kulidutsitsa pa makina, amakupatsa mapointi. Tsono anthu ambiri alibe. Amalipira mapaundi makumi asanu ndi atatu, mapointi n'kungotayika choncho. Ndiye ine ndimaima pafupi, ndikaona mayi wadzaza ngolo, ndimafunsa mwaulemu ngati ali nalo khadi. Akati alibe, ndimadutsitsa langa. Iye sataya kanthu, ine ndapindula. Tsono kompyuta ya shopu imayesa kuti zonse zija ndagula ine. Mwamva?"

A Reinford anamuyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi.

"Maola angati?"

"Awiri. Kukakhala anthu ambiri, atatu."

"Chiimire?"

"Nthawi zina ndimanyamula basiketi kuti alonda asandidabwe. Inunso mukuwadziwa anzanuwo."

A Reinford anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ayi, alamu. Ine ndimakulemekezani. Munthu wa ntchito yake, msungichuma wa kwaya ku tchalitchi, wovala taye Lamulungu, simungaime maola atatu pakhomo pa shopu kumapempha kwa anthu osawadziwa."

"Sindipempha!"

"Mwangonena kumene kuti mumafunsa mwaulemu."

"Kufunsa si kupempha. Ndimapulumutsa mapointi amene akanatayika."

"Nkhani imeneyi ndikapita nayo kwa Eliza akandiseka. Ya mkazi wachibwenzi ndiye yomveka. Imachitika, tinaweruzapo zambiri." Anasolola kuponi yachiwiri. "Matewera enanso. Awa ndi a ana obadwa kumene. Ndiye kuti ana ndi awiri. Wamkuluyo ali ndi chaka."

"Saizi folo sayendera chaka, amayendera makilo. Kuyambira seveni mpaka eyitini."

"Akudziwa makilo a mwanayo," a Reinford analemba.

"Zinalembedwa pa paketi!"

"Inu mumawerenga mapaketi a matewera chifukwa chiyani?"

"Pamzere pamachedwa, alamu, munthu umawerenga chilichonse!"

A Reinford anasuntha kapu imene inali pa tebulo, n'kuyamba kuyala makuponi mwadongosolo, awa kumanja, awa kumanzere.

"Mkaka wa m'chitini. Ndiye kuti sayamwitsa." Anaika ina. "Chakudya cha mphaka." Apa anavula magalasi. "Mphaka wogulira chakudya chake? Alamu, ndi mzungu?"

"Ndani?"

"Mayi wa anawo."

"Kulibe mayi aliyense! Ndipo ine mphaka sindigwirizana naye, ndimayetsemula."

"Mwadziwa bwanji kuti mumayetsemula?"

"Kuntchito kuli mphaka!"

"Amagwira naye ntchito limodzi," anang'ung'udza a Reinford, bolopeni ikuthamanga.

"Mayo ine!"

"Mankhwala ophera nkhono m'dimba. Ohoo, ali ndi dimba. Ndiye si wa m'mafulati ngati ife, ali ndi nyumba yakeyake." Anagwedeza mutu ngati munthu amene sakufuna kuyamikira koma wakakamizika. "Chigawo chiti? Enfield?"

"Alamu, ndikukupemphani."

"Mwati simupempha."

"Pano ndiye ndikupempha!"

"Mankhwala otsukira mano oikirira. Amakhala ndi agogo ake. Chabwino, ndi mtsikana wosunga makolo, pamenepo sindimunena." Anasanthula makuponi otsalawo, nkhope n'kuyamba kukwinyika. "Koma apa pali chimene sichikundisangalatsa. Mabisiketi. Zakumwa zotsekemera. Tchipisi. Ndiwo zili kuti? Masamba ali kuti? Ana awiri, wina wobadwa kumene, mukuwalera ndi tchipisi?"

"Sindikulera mwana aliyense!"

"Ndi zomwe ndikunenazo. Kulakwa mwalakwa kale, koma anawo sanalakwe. Ngakhale ndili wa kuchikazi, sindingalole ana kumakula ngati nkhuku za m'mudzi. Mkaziyo ali ndi ankhoswe?"

"Ankhoswe a chiyani?"

"Ndiyenera kukumana nawo. Azungu alibe mwambo umenewu, ndikudziwa, koma amalume ake sangasowe. Mundipatse nambala."

Biswick anaimirira, anayenda mpaka pawindo, anabwerera, anakhalanso.

"Ndiimbireni Eliza ndilankhule naye ndekha."

"Sangayankhe. Akuti aziyankha ine basi."

"Zinthu zamasewera ngati zimenezi mpaka kunyamula ayironi?"

A Reinford anatseka kabuku kaja, koma chala chili mkati.

"Kwa inu ndi masewera. Mwakhala m'banja zaka zingati?"

"Naini."

"Zaka naini opanda mwana. Azakhali anu a ku Balaka analemba makalata angati okuuzani kuti mupeze mkazi wina wobereka? Eliza anawawerenga onse, anangokhala chete. Lero m'mawa watsegula envelopu ya dzina lanu, wapeza matewera a mitundu iwiri ndi mawu akuti mumakonda kugula. Pa foni sindimamva n'komwe zomwe amanena, kulira kokhakokha."

Makalata a azakhali aja Biswick ankayesa kuti anawabisa bwino, m'bokosi la nsapato pamwamba pa wadirobu. Anayang'ana pakona pamene pankakhala ayironi.

"Ndichite chiyani kuti akhulupirire?"

"Njira ndi ziwiri. Mundionetse mwanayo tikambirane za chisamaliro, kapena ngati mukulimbikira kuti wabweretsa zonsezi ndi khadi, mulidule pamaso panga, pamodzi ndi makuponi onsewa. Sizasi muli nayo?"

Dzanja la Biswick linafumbata khadi lija lokha.

"Kudula?"

"Kudula."

"Onse?"

"Onse."

"Alamu, tiyeni tikambirane ngati anthu akuluakulu. Apa pali kuponi ya mafuta ophikira. Mafuta alakwa chiyani?"

"Abwera mu envelopu imodzi ndi matewera."

"Nanga ya mpunga? Mpunga timadya tonse, inunso mukabwera mumawonjezera kawiri."

"Onse."

"Miyezi isanu ndakhala ndikuimirira! Miyendo inatupa! Mayi wina wa ku Ghana ananditukwana pamaso pa anthu, ine n'kupirira. Nyumba ya ku Balaka ikudikira malata, inu mukuti ndidule?"

"Ndiye mwakana?"

"Sindinakane. Ndikuti tidule ya mphaka yokha, ngati chizindikiro."

"Mkazi wanu ali ku Peckham ndi chikwama, inu mukupereka mphaka."

"Chabwino, ya mphaka ndi ya nkhono."

A Reinford anatsegulanso kabuku.

"Wakana kudula. Zikuonetsa kuti banja linalo akulifunabe."

"Musalembe!"

"Ndalemba kale. Tipitirize, yatsala imodzi." Anapendeketsa envelopu, kuponi yomaliza n'kugwera pa tebulo. Anaiyandikitsa kumaso. "Mankhwala odetsa tsitsi, a azibambo. Ehee! Ndiye kuti apongozi anu aamuna aliponso. Nkhalamba yokana ukalamba. Anthu oterewa ine amandinyansa, alamu. Mulungu wakupatsa imvi, ulemu wako umenewo, iwe n'kumadzipaka phula kumutu ngati msewu. Akufuna kunamiza ndani? Mwana wake n'chifukwa chake akutenga amuna a eni."

Biswick anatambasula dzanja.

"Taonetsani."

"Musaigwire."

"Sindigwira, ndingoona." Anayang'ana kabokosi kojambulidwa pa kuponiyo, kenako anakweza maso pang'onopang'ono mpaka pamutu pa a Reinford. Bambo wa zaka fifite-eyiti, tsitsi lili bii ngati nsapato ya msilikali.

"Mukundiyang'ana chiyani?"

"Alamu, Lachisanu Loyera munali kuti?"

"Wofunsa pano ndine."

"Tinachokera limodzi ku tchalitchi. Munati mukufuna kugula buledi, ine ndidikire panja. Ine ndinakutsatirani."

"Ndinagula buledi."

"Ndi kabokosi. Munakabisa pansi pa bulediyo. Mtsikana wa polipirira atakufunsani za khadi, munati mulibe, ine ndinatulukira kumbuyo kwanu n'kudutsitsa langa. Munadzidzimuka mpaka kugwetsa chenji."

A Reinford anakhosomola.

"Kanali ka mnzanga wa kuntchito."

"Eya kapena ayi, alamu. Munagula?"

"Tsitsi langa ndi lachibadwa. Kwathu sitichita imvi msanga."

"Tsiku lomwelo munagona pano. Pilo amene munagonera, Eliza anamuviika mu bulichi masiku awiri."

"Anali mafuta a kumutu."

"Eya kapena ayi?"

A Reinford anayang'ana kuponiyo, anayang'ana kalata ija, anayang'ananso kuponiyo. Milomo inkayenda, akuwerenga chamumtima. Dzanja linapita kumutu lokha, n'kubwerera msanga.

"Tadikirani. Ndinagula ine."

"Eya."

"Ndi ndalama zanga."

"Zanu."

"Koma pepalali likuti mumakonda kugula ndinu."

"Ndi zomwe ndakhala ndikunena chifikireni!"

"Ndiye kompyutayi ikuyesa kuti ine ndi inu?"

"Ikuyesa kuti Tottenham yense ndi ine, alamu. Wa mphaka ndine, wa mano oikirira ndine, wa dimba ndine."

A Reinford anatsamira sofa, n'kupumira m'mwamba. Kenako anayang'ana makuponi amene anawayala mwadongosolo aja, ngati munthu amene akutsanzikana ndi anthu owazolowera.

"Ndiye agogo aja kulibe?"

"Alipo, koma si anga."

"Dimba lija?"

"La eni ake."

"Zachisoni. Ndimati mwina tizikatengako chimanga chachiwisi." Anatembenuza tsamba la kabuku, analemba ndi zilembo zikuluzikulu, anadula mizere iwiri kunsi, anayang'ana wotchi, analemba nthawi, n'kusayina. "Mwana palibe. Ndatseka." Kenako anatola kuponi ya mankhwala a tsitsi ija n'kuilowetsa m'thumba la shati.

"Imeneyo mukupita nayo kuti?"

"Ndi umboni."

"Achotsa paundi ndi hafu."

"Ndaona. Ikutha liti?"

"Kumapeto kwa June."

"Chabwino." Anakonza kolala. "Koma musayese kuti mwapulumuka. Mlandu wa mwana watha, watsala wa bodza. Miyezi isanu mukumuuza mlongo wanga kuti muli pa ovataimu pamene mukupemphetsa pa shopu."

"Sindi..."

"Mukupulumutsa mapointi pa shopu. Mwamuliritsa mkazi, mwayendetsa nkhoswe kuchokera ku Croydon. Mwambo mukuudziwa. Nkhuku."

Nkhope ya Biswick inawala.

"Nkhuku? Aaa, zosavuta! Ndili ndi kuponi ya mwezi watha, ikadali ndi masiku atatu. Nkhuku yathunthu hafu pulaisi."

"Nkhuku ya chipepeso simungagule ndi kuponi."

"Bwanji? Nkhuku ndi nkhuku."

"Ya hafu pulaisi ndiye kuti mwapepesa hafu."

"Ndigula ziwiri."

"Ayi! Mupite kwa a ku Nigeria aja a pa West Green Road, mukagule nkhuku yolimba, ya mafupa, pa mtengo wake wonse. Osanenerera."

"Osanenerera?"

"Ngakhale peni imodzi. Ndipo risiti ndikaione."

Biswick anagwira pachifuwa ngati wabayidwa.

"Chabwino. Ndiye poti zadziwika kuti mwana palibe, zodula zija zatha, eti?"

"Zatha bwanji? Mwangondionetsa nokha kuti wolakwa ndi khadi. Wolakwa wapezeka, tizimusiya?"

"Koma alamu..."

"Likakhala m'nyumba muno, miyezi itatu ikubwerayi kubweranso envelopu ina. Mudziwa bwanji zimene anthu a Tottenham akugula panopa? Mukufuna ndidzakwerenso tramu chifukwa cha zovala zamkati za munthu wina?" Anatulutsa foni. "Ndikumuimbira Eliza. Ndimuuze kuti mwadula kapena ndimuuze kuti mukuganizabe?"

Biswick anayang'ana khadi lija. Linali litayamba kufufuma m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anayang'ananso pakona popanda ayironi paja. Anapita kukhitchini, anabwera ndi sizasi, anakhala pansi, n'kupuma kawiri.

"Muuzeni kuti ndadula."

"Sindinganene zomwe sindinaone."

Khadi linalira kuti thwa, chidutswa china n'kuulukira pansi pa sofa. Biswick anatsinzina.

"Ndaona," anatero a Reinford, n'kudina foni. "Makuponiwo pitirizani, ine ndikulankhula."

Biswick anayamba ndi ya mphaka. Imeneyo sinamupweteke. Ya nkhono chimodzimodzi. Atafika pa ya mpunga anaima pang'ono, a Reinford anamuloza ndi chibwano, iye n'kudula.

"Halo, Eliza? Ndine. Ndafufuza. Mwana palibe... Ayi, palibiretu, ngakhale mmodzi... Mzungunso palibe... Mzungu wa mphaka, iwe sukumudziwa, musiye... Amuna akowa matenda awo ndi ena. Amaima pa shopu Loweruka kumapempha anthu kuti..."

"Kupulumutsa!" anakuwa Biswick.

"Akuti kupulumutsa... Eya, maola atatu... Ndi basiketi m'manja... Halo? Ukulira kapena ukuseka?" Anatseka foni ndi dzanja. "Akuseka. Winfridanso akuseka. Ndinakuuzani kuti andiseka."

"Abwera?"

"Umboni? Umboni ulipo wokwanira... Ayi, sindingakuuze pa foni, ndi za ankhoswe... Pilo wake uti? Iwe, tikukamba za banja lako pano." Anatembenukira kukhoma. "Khadi adula, ndaona ndi maso anga. Nkhuku agula mawa, ya mtengo wonse... Eya... Chabwino." Anacheuka. "Akuti akwera basi akangomaliza kumwa tiyi. Akuti mukamuchingamire pa siteji ya Seven Sisters, chikwama n'cholemera."

Biswick anatulutsa mpweya umene anausunga chifikire a Reinford. Anadula ya mkaka wa m'chitini mosangalala, anadula ya saizi folo, n'kutola yomaliza, ya ana obadwa kumene ija. Anatsegula sizasi.

"Chiyani? Tanenanso... Alamu, imani!"

Sizasi inaima kukamwa kuli yasa.

"Akuti imeneyo musadule."

"Iti?"

"Ya ana obadwa kumene. Mwadula kale?"

"Ayi."

"Sanadule... Eya, ndimuuza... Koma ya chiyani, poti ndakuuza kuti... Halo? Halo?" A Reinford anayang'ana foni. "Wadula foni. Akuti muisunge, ndipo mukafunse ku shopuko ngati angakusinthireni deti kuti ifike November. Akuti amafuna kukuuzani Lamulungu lapitali koma munali otanganidwa ndi kudula makuponi a m'nyuzipepala."

"November?"

"November. Ndamufunsa kawiri."

Biswick anaika sizasi pa tebulo pang'onopang'ono. Anayamba kupinda zala, kuchokera pa November kubwerera m'mbuyo. Anakumbukira kuti masabata atatu tsopano Eliza akukana kukazinga nsomba, akuti fungo likumutembenuza mtima, ndipo iye anangosangalala kuti mafuta akukhalitsa. Anatsetsereka pa mpando mpaka kukhala pa kapeti, kuponi ija ataigwira ndi manja awiri.

"Mwatani, alamu? Ndi khadi lija? Musadandaule, muzolowera."

"Alamu..." Mawu anatuluka osweka, akuseka uku misozi ili mbwe. "Alamu, mwana alipo."

A Reinford anavala magalasi, anatsegula kabuku pa tsamba la mizere iwiri lija, n'kumuonetsa.

"Ayi, alamu, musayambirenso. Ndafufuza ndekha, ndalemba, ndasayina. M'banja muno mwana mulibe."